Dzanja la Amayi Pansi pa Simenti

Wokondedwa mlongo wanga Avelino,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Chicago kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi mwana wathu Tonita. Kuno tikudzuka, kungoti mawondo angawa andiukira. Alamu ako a Porfirio ali bwino. Azakhali a Crucita thupi latha, koma pakamwa mpomwe pakadali mphamvu.

Kalata yako ndinailandira kalekale. Ndachedwa dala kuyankha chifukwa ndimasowa poyambira.

Unapempha kuti ndikujambulire khoma la kumpoto la nyumba ya malemu amayi, pakona paja ankadindapo dzanja lawo akamaliza kuzira. Unati ukufuna kuonetsa ophunzira ako a zomangamanga zamakedzana. Unatumizanso pepala la mayina a zigawo za nyumba: maziko, mphuthu, mitanda ya denga ndi zina zotero. Nditawawerengera azakhali anaseka mpaka kutsokomola. Anati taonani, mwana uja ankathawa kuponda matope lero ndi amene akudyera mayina a nyumba yathu.

Avelino, khomalo kulibe. Linagwa, ndipo wolakwa ndine.

Ukudziwa kuti nyumba ya zidina imafuna kuziridwa chaka ndi chaka. Chimwalirire amayi ntchitoyi inatsalira ine: kukumba dothi kumtsinje, kusefa, kusakaniza ndi mapesi a tirigu, kukwera makwerero, kumata ndi manja, kusalaza ndi chikopa cha nkhosa. Pofika pa dzanja lawo lomaliza ndinkazira mozungulira kuti lisafafanizike. Ana anga aakazi ali ku Albuquerque, zikhadabo zawo sizikhudza matope. Iwenso papita zaka zisanu usanaponde kuno.

Ndinatopa, mlongo wanga. Ndinatopa mpaka m'mafupa.

Ndiye alamu ako anati bwanji tingomata simenti kamodzi, mkazi wanga upume. Azakhali atamva anabwera ndi ndodo yawo. Anati khoma ladothi limapuma ngati munthu, mukalitseka liwolera m'kati. Ine ndinawayankha mwamwano kuti ngati akulikonda choncho akwere okha makwererowo. Anangondiyang'ana n'kubwerera kwawo.

Tsiku lomata ndinakhala m'nyumba. Sindinafune kuona simenti ikukwirira dzanja la amayi, koma sindinaletsenso.

Zaka zinayi ndinapuma, ndipo sindikunamiza, zinali zokoma. Anzanga akamazira ine ndinkaphika mkate wanga mwamtendere. Osadziwa kuti madzi akulowera pamng'alu wa kudenga n'kusowa potulukira.

Mwezi wathawu kunagwa mvula yamphamvu masana. Tinangomva chiphokoso kuseri. Pothamangirako tinapeza simenti yonse yasendeka ngati khungwa, ndipo khoma latsatira. Zidina za m'munsi zinali phala lokhalokha. Palibe anavulala, koma mitanda iwiri ikulendewera, taichirikiza ndi mitengo. Chipale chofewa chikadzaunjikana padengapo isanakonzedwe, nyumba yonse ipita.

M'mawa mwake azakhali anabwera. Ndinakonzeka kutukwanidwa, koma sanatero, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Anatola chibuma n'kundionetsa m'mbali mwake. Munali mizere yopyapyala yosanjikizana, kuzira kwa chaka chilichonse mzere wake. Ankaloza ndi chikhadabo kuti iyi ndi yako, iyi ndi ya amayi ako, yofiirayi ndi ya agogo ako chifukwa iwo dothi ankatapa kutsidya. Mizereyo inapitirira mpaka kwa anthu amene ngakhale azakhali sawadziwa mayina.

Dzanja lija tinalipeza litamatirira kuseri kwa chidutswa cha simenti. Zatsala zala zitatu zokha, chimodzi ndi chokhota chija anachipana ndi mphero. Ndinakhala pansi m'matopemo n'kulira ngati maliro achitika dzulo. Ndachisunga chidutswacho pansi pa bedi. Chithunzi chake sindikutumizira. Ukafuna kuchiona ubwere.

Alamu ako akuumba zidina tsiku lililonse, manyazi awagwira. Amayi a m'mudzi muno alonjeza kudzathandiza kuzira ngakhale ndinawaseka. Koma kukweza mitanda kukufuna amuna a pakhomo pano, ndipo mwana wamwamuna wa amayi ndiwe wekha. Ndikukupempha, ubwere Okutobala asanathe. Azakhali akuti pepala lako la mayina lija likusungidwa bwino, udzalozere pomwe mphuthu ikhale utainyamula paphewa.

Chinanso, usamusiye Tonita. Khoma likadzatha pakufunika wina akwere akadinde dzanja pakona paja. Ndinayesa makwerero dzulo, ndinalekera pa sitepe yachitatu.

Undiperekere moni kwa alamu anga. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akupatse ulendo wabwino.

Ndine mlongo wako wotopa,
Lorencita