Mbande za Amayi Ako Zili kwa a Ginka

Wokondedwa mwana wanga Rumyana,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Valencia pamodzi ndi mkamwini wanga Petko ndi kamdzukulu kanga Boyan. Kodi chifuwa chija chinamusiya mwanayo? Kuno chipale chofewa chikadali mbuu pabwalo, mawondo angawa nawo akudandaula monga mwa masiku onse.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Ukaimba, amayi ako amakhala ali pambali panga, ndiye zina sindinganene.

Febuluwale atangolowa tinafesa mbewu m'timakapu ta yogati n'kutindandalika pamawindo onse, tomato kuchipinda, tsabola pafupi ndi mbaula. Ukuwadziwa amayi ako, ntchito imeneyi salola munthu kuikhudza. Zaka zonsezi ine ndakhala wonyamula dothi basi.

Mbande zinamera bwinobwino, kenako zinayamba kuwola m'tsinde n'kumagwa. Ndinkada dothi, mpaka tsiku lina ndinakhala pansi n'kumawayang'ana amayi ako. Anathirira, anakakhala pampando, posakhalitsa anadzukanso n'kuthirira. Anachita zimenezi m'mawa wonse. Nditawauza kuti athirira kale, anandikalipira kuti munthu wosadzalapo ngakhale anyezi ndisawaphunzitse ntchito.

Ndiye ndachita chinthu chondipweteka mtima. Mbande zotsala ndinazibisa m'jekete n'kuzizembetsera kwa a Ginka, oyandikana nafe aja. Pamawindo ndasiya makapu a dothi lokhalokha. Amayi ako akuthirira dothilo tsiku lonse, akudandaula kuti mbewu za chaka chino n'zaulesi. Ine ndimangovomera.

Kwa dokotala kutauni tinapitako. Anatipatsa mapiritsi n'kutiuza kuti matenda oiwalaiwalawa sabwerera m'mbuyo. Ukawamva pafoni akuseka n'kukufunsa ngati wadya, usanamizike. Masiku ano amafunsa aliyense, ngakhale wa positi.

Chimene chandifoola kwenikweni ndi cha Lamlungu lapitali. Anapeza m'chitini njere za tsabola wowawa uja, amene amafesera iwe wekha chaka ndi chaka poti enafe anatikanika. Anazinunkhiza n'kundifunsa kuti, "Kodi abambo, ndani amadya moto umenewu m'nyumba muno?"

Ndinati Rumyana.

"Rumyana wake uti? Wa kwa Ginka?"

Ndinatuluka ngati ndikukatenga nkhuni. Ndinakalira kuseri kwa khola la nkhuku, ine munthu wamkulu ndi imvi zangazi. Njerezo ndakafesa ndekha kwa a Ginka.

Mwanawe, ndatopa ndiponso ndili ndi mantha. Sindikupempha ndalama kapena mankhwala. Unati udzabwera mu Ogasiti, ndipo ndikudziwa kuti kuntchito kwako tchuthi sapereka mwachisawawa. Koma gwada kwa abwana akowo, uwauze zoona. Bwera tisanawokere mbande kumunda, chikondwerero cha Jorji Woyera cha kumayambiriro kwa Meyi chisanafike. Udzakhale nawo pawindo, akuyang'ane nkhope, mwina china chake n'kudzuka.

Ukadikira Ogasiti, tsabola wako udzam'peza atapsa psuu. Amayi ako udzawapezanso, adzakulandira bwino ndithu, adzakupatsa mpando ndi khofi monga amachitira ndi mlendo aliyense.

Undiperekere moni kwa Petko. Boyan usamuuze kaye zimenezi, ungomupsompsona m'malo mwa agogo ake. Mulungu akusunge, akufupikitsire njira.

Ndine bambo ako,
Dobri