Musatumizenso Ufa Wachikasu Uja

12 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo, koma ndikati tili bwino ndinama. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumangoti "chabwino, chabwino" uku mukugulitsa katundu, ndipo ndatopa kulankhula ndi khutu limodzi.

Phukusi lanu lafika, ndipo ndapezamo zomwe zija: mapaketi a ufa wachikasu wothira m'madzi a nkhuku. Achimwene, chonde musatumizenso. Ndikudziwa kuti kusitolo ya mankhwala a ziweto kumene mukugwirako ntchito mumaupeza mosavuta, ndikudziwanso kuti ufawo ndiwo moni wanu kwa bambo. Koma anzanu amatumizira makolo awo malaya.

Papaketi palembedwa kuti mankhwalawo ndi a nkhuku zodwala, kwa masiku ochepa basi. Bambo amathira tsiku lililonse, kuyambira anapiye akangofika mpaka tsiku logulitsa, ati kupewa kumaposa kuchiza. Nkhuku ikayetsemula, amawonjezera supuni. Kunja kukachita mitambo, supuni ina. Chimene simukudziwa n'chakuti nawonso amamwako. Ndinawapeza m'khola akuvundula m'kapu ndi chala.

"Bambo, zimenezo n'za nkhuku," ndinatero.

"Ine sindipatsa ziweto zanga chinthu chimene sindinalawe," anayankha, n'kugugudiza.

Nkhuku zitayamba kufa uku zikumwa mankhwala, ndinaitana alangizi a ziweto. Anafotokoza kuti tizilombo ta m'kholamo tazolowera ufawo, sitikuumvanso. Anati bambo asiye kuthira, achotse utuchi wonse, atsuke khola, ndipo azivala jombo. Bambo anawaperekeza mwaulemu mpaka pageti, pobwerera n'kumati, "Ameneyu nkhuku anaiphunzira m'buku. Zikanakhala zoona, mwana wanga wogulitsa mankhwala akanandiuza." Mwamva? Mwana wawoyo ndi inu. Ine amene ndimatola nkhuku zakufa m'mawa uliwonse amanditchula kuti wolongolola.

Jombo munawagulira zija anazipachika pamsomali, zikadali ndi kapepala ka kusitolo. Ati nkhuku zimadziwa mapazi awo, zikaona jombo zimadzidzimuka n'kusiya kudya. Ndiye mwezi watha anaponda waya m'khola n'kuchekeka pachidendene. Ndi shuga wawo uja, munthu wina akanathamangira kuchipatala. Iwo anawaza ufa wanu pabalapo, n'kumanga ndi chigamba, n'kubwerera m'zitosi. Kwa ine sananene kanthu. Ndinazindikira chifukwa cha fungo.

Pano ali m'chipatala. Mapiritsi sanagwire, jakisoni sanagwirenso. Adokotala anatenga mafinya kukapima, ndipo zotsatira zitabwera anandiitanira panja.

"Bambo anu amagwira ntchito yanji?" anafunsa.

Nditawauza, anangopukusa mutu. Anati tizilombo tili pabalapo sitikumva mankhwala ambiri amene chipatala chili nawo. Watsala mtundu umodzi wa m'diripi, ndipo anauyamba dzana. Ukakanika, adula mwendo m'munsi mwa bondo kuti apulumutse munthu. Adzaona Lolemba.

Mungaganize kuti apa ndiye bambo afatsa. Ayi ndithu. Anamwino apeza paketi ya ufa pansi pa pilo, ndipo amene wakalipiridwa pamaso pa wodi yonse ndi ine. Eni ake anangoti, "Ndimafuna kuwathandiza adokotala, akuoneka kuti asowa pogwira." Paja amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma mawu amenewo sungauze bambo ako ali chigonere. Ndinangotuluka, n'kukalirira kuseri kwa chimbudzi. Ndakwiya nawo, achimwene, ndakwiyanso nanu, ndipo ndili ndi mantha.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani Lolemba lisanafike. Mudzawauze ndi pakamwa panu kuti ufawo si wa tsiku lililonse, si wa anthu, si wa pabala. Kwa ine sangamve, kwa adokotala sangamve. Mudzawauzenso kuti alole tichotse nkhuku zatsalazo ndi kutsuka khola, chifukwa makiyi a khola ali nawo m'thumba la malaya, m'chipatala momwemo, moti nkhukuzo ndikungozidyetsera pazenera. Ndipo zikavuta Lolemba, sindikufuna kukhala ndekha pakhomo la chipinda cha opaleshoni.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo awasowa. Bambo akupereka moni, ati musavutike n'kubwera, n'kabala chabe. Koma dzulo anamwino atamasula bandeji, bambo anayang'anitsitsa phazi lawo. Kenaka anandipempha motsitsa mawu kuti ndikatenge jombo zanu zija pamsomali, ati akatuluka azivala. Ndazipukuta fumbi, ndaziika pansi pa bedi lawo, zonse ziwiri.

Ndine mlongo wanu,
Wolongolola uja