Mphuno Yobwereka

Lolemba, 9 Juni

Achimwene aimba foni. Akubwera Loweruka pamodzi ndi alamu, patatha zaka zambirimbiri ali kunja. Za moyo sanafunse n'komwe, angoyambira kumimba: “Mlongo wanga, timipira ta nyama ya nkhosa tija, ndi ng'ombe yako yophika tsiku lonse ija. Zinazo usavutike nazo.” Ndavomera mokweza ngati munthu wopanda vuto.

Chonsecho vuto lilipo. Chidwalireni chimfine cha mu Epulo chija, mphuno yanga sikumva kanthu. Sopo, khofi, zinyalala, zonse ndi mphepo basi. Akudziwa ndi abambo akunyumba okha. M'banja mwathu aliyense ali ndi chake chomwe amadziwika nacho, wina sukulu, wina kuimba, ine ndi poto. Achimwene akadzadya n'kungoti “zikomo” waulemu uja, ine ndidzatsala ndi chiyani? Ndikuopa, ndisaname.

Lachiwiri, 10 Juni

Lero ndinati ndione chomwe chatsala. Ndayala zinthu patebulo la kukhitchini n'kumalawa chimodzichimodzi. Mchere ndikuumva, shuga ndikumumva, ndimu akuwawasa, tsabola akuwotcha monga kale. Anyezi akundilizabe, koma fungo lake ayi. Kenako ndatsinzina n'kutafuna kachidutswa ka apulo, pambuyo pake ka mbatatesi yaiwisi. Kupatula kutsekemera, n'chimodzimodzi.

Ndiye kuti zaka zonsezi ndimati ndikulawa ndi pakamwa, pomwe ntchito imagwira ndi mphuno? Pakamwa pamangodyerera thukuta la mnzake.

Madzulo kwa wogulitsa nyama. Ndasungitsa ya pamwendo wa ng'ombe, ya mitsempha ija imasungunuka ukaiphika pang'onopang'ono, ndi ya nkhosa yoti adzandigayire Lachisanu. Ndatengako pang'ono yoyeserera. Iye wandiyang'ana n'kuti, “Lero simununkhiza, mayi? Kapena mwayamba kundikhulupirira?” Ndaseka naye, koma mumtima munalibe kuseka.

Lachitatu, 11 Juni

Mabotolo anga a zokometsera alibe mayina. Ndimasinja ndekha mu kamtondo, ndipo sindinaonepo chifukwa cholembera, ndimangotsegula n'kununkhiza. Lero ndaima pashelefu ngati mlendo m'nyumba mwanga momwe. Kumini, koriyanda, sinamoni, onse ndi ufa wofiirira. Ndagwira njakata, kenako ndangolotera.

Ndakanda nyama ndi anyezi, adyo, dzira ndi buledi wonyika mumkaka, ndaumba timipira pang'ono n'kukazinga. Wolawa wanga, abambo akunyumba, atafuna n'kuti, “Zili bwino.” Ndati anene zoona. “Zili bwino kwambiri.” Munthu ameneyu ngakhale utamukazingira siponji angapemphe yowonjezera. Kuyambira lero dzina lawo ndi a Zilibwino.

Tili pomwepo watulukira mpongozi wanga, mkazi wa mwana wathu wamkulu. Amakhala m'nyumba yakuseriyi, ndipo ndi woyembekezera. Waima pakhomo n'kufunsa, “Amayi, mukuphika keke?”

Ndiye kuti ndinathira sinamoni, supuni yodzaza. A Zilibwino anali atatenga kale kachitatu.

Lachinayi, 12 Juni

Chatsopano: makutu nawonso amaphika. Anyezi ukangowaika m'mafuta amachita phokoso ngati mvula pamalata, madzi akatha amayamba kunong'ona, ndipo apo m'pomwe amasintha mtundu. Sindinamvetserepo chiyambire. Kaya n'zingati zina zomwe zakhala zikundipita.

Koma khutu silingandiuze za m'mabotolo. Safunsa anadya phula. Ndapita kuseri kwa mpongozi, ndazungulirazungulira ndi nkhani za matewera, kenako ndaulula. Wayang'ana pansi n'kuti, “Ndimadziwa, Amayi. Sabata yatha munathira mkaka wonunkha mu tiyi, ndipo munamwa yense.” Ndafunsa chomwe sanandiuzire. Akuti ankaopa kundichititsa manyazi. Manyazi ndachita ndithu, koma mtima wapepuka.

Mwanayu mimba yamupatsa mphuno yoopsa. Akuti nsapato za mwamuna wake amazimva asanalowe pageti. Ndati, “Mwana wanga, undibwereke mphunoyo mpaka Loweruka.” Waseka mpaka kugwira mimba.

Tapita kushelefu. Ine kutsegula, iye kununkhiza chapatali, nsalu ili m'manja. Botolo loyamba: “Ili ngati thukuta la m'basi yodzaza.” Kumini ameneyo. Lachiwiri akuti ngati makoko a lalanje ouma. Koriyanda. Sindinaganizepo zowafanizira ndi kanthu, koma atangonena ndavomereza. Mabotolo tawamanga tinsalu ta mitundu yosiyana.

Kenako wandifunsa, “Nanga zikakwanira mumadziwa bwanji?” Ndimangodziwa basi. Ichi sichibwerekeka, ndipo n'chimene chikundidetsa nkhawa.

Lachisanu, 13 Juni

Timipira taumbidwa, tili mufiriji. Zokometsera ndimathira pang'onopang'ono, mpongozi akununkhiza n'kuthamangira panja kukapuma, n'kubweranso. Ulendo womaliza wati, “Imani pomwepo, Amayi. Zikununkhira ngati zomwe munatiphikira pa ukwati wathu.” Ndaima. Ndamumvera chisoni, nkhope yachita kutuwa.

Loweruka, 14 Juni

Ndikulemba alendo atangochoka, mbale sindinatsuke.

Ng'ombe ndinaiyamba m'mawa. Ndinaipukuta ndi nsalu kuti iume, n'kuikazinga pang'onopang'ono, osadzazitsa poto, chifukwa ukaunjika imangotuluka madzi osafiira. Kenako anyezi mpaka atanong'ona, adyo, jinja, matimati, madzi ofika pakati pa nyama, chivindikiro, moto wochepa. Mpongozi anapirira mpaka masana, kenako fungo linamugonjetsa. Ndinamuuza akagone, wagwira ntchito yokwanira. Ndinatsala ndekha ndi maso ndi makutu.

Achimwene anafika ndi imvi mutu wonse, koma kuseka kwake komwe kuja. Timipira ndinakazinga iwo atakhala kale pabalaza, ndikuti ayambe ndi timeneti podikira ng'ombe. Achimwene anatenga kamodzi, kachiwiri. Ine maso ali pakamwa pawo. Alamu anati, “Takoma,” koma alamu ndi munthu waulemu. Achimwene anangopukuta zala n'kuti, “Tiyeni tione ng'ombeyo.” Ndinati isiyeni kaye ifewe.

Ndinakhala pansi ndikuti kamphindi chabe. Koma anatulutsa zithunzi za ana awo pafoni, kenako nkhani za malemu amayi, za nyumba yomwe tinakuliramo. Nkhani zinakoma, poto ndinamuiwala. Kale zimenezi sizikanatheka, mphuno ikanandikoka yokha.

Tili mkati moseka, china chake chinandikanda kumtunda kwa mphuno. Chowawa, chakuthwa. Ndinayamba ndaganiza kuti ndikuyetsemula. Chinabweranso.

“Chikupserera,” ndinatero.

Alamu anakweza mutu n'kununkhiza. “Ine sindikumva kanthu.” Achimwene nawonso ayi. Koma a Zilibwino anasiya kutafuna n'kundiyang'anitsitsa.

Ndinapita kukhitchini n'kuvundukula poto. Msuzi unali utauma, pansi pada bii, kautsi kakukwera. Ndinaweramira momwemo. Fungo la nyama yopserera, loipa, lomwe ndadana nalo moyo wanga wonse. Ndipo pansi pake, patali ngati munthu woitana ali kutsidya kwa msewu, adyo. Ndinakoka mpweya kachiwiri kuti nditsimikize. Analipo. Misozi inangoyamba yokha.

Abambo akunyumba analowa n'kuzimitsa moto. Anasuzumira m'poto n'kunena chapansipansi kuti yapamwambayi ipulumuka tikaisamutsa msanga. Kuchokera pabalaza achimwene anafunsa ngati zonse zili bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba a Zilibwino sanayankhe. Anatambasula dzanja kuti atsegule zenera utsi utuluke.

Ndinawagwira mkono. “Dikirani kaye, bambo. Musatsegule.”