Funso la Asiyatu la fosiforasi ndi jemeniyamu

Lachitatu, Okutobala, ku Balaka. Kwatentha, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Ndikuphunzitsa Fomu 4 za fosiforasi, Asiyatu, mtsikana wofatsa wa ku Nkaya, anakweza mkono. "Aphunzitsi, kodi fosiforasi angalumikizane ndi jemeniyamu, uja munati ali m'wayilesi?"

Yankho sindimalidziwa, koma ndinati, "Iyayi! Ukuyesa ndi ukwati wa kwanu?" Kalasi yonse inafa ndi kuseka.

Masana ndinatsegula buku lalikulu la sayansi la mu ofesi. Amalumikizanadi.

Poweruka, akupita ndi anzake kokonzekera magule a chipani, Asiyatu anandigwadira panjira. "Pepani aphunzitsi, sindidzafunsanso zopanda pake."

Ine ndinangogwedeza mutu ngati munthu amene wakhululuka. Mawa ndikalowa m'kalasi muja, onse aja akundiyang'ana, ndiyenera kuvomera kuti wolakwa ndine...