Inveta ndapita nayo ku Balaka

Bambo a Esime,

Musadabwe pochokera kunyanja mukapeza ine kulibe, inveta ya filiji yathu ya sola kulibenso, ija idapsa ndi mphenzi Lachiwiri. Ndaikulunga m'chitenje, ndapita nayo ku Balaka kwa a inshulansi.

Dzulo tikudya munamva nokha amalume anu a Bakali akunena kuti chinthu chomenyedwa ndi mphenzi sichisungidwa m'nyumba, lero akachiponya m'nyanja ya Chiuta. Inu munangowerama, maso m'mbale. Ine ndinakhala chete chifukwa cha ulemu, koma iyayi, sindilola. A inshulansi anandiuza pafoni kuti sangatipatse ina asanaione ndi maso awo, yosatsegula, ndipo zithunzi zokha sizikwanira. Tsono ikamira, akaivuule ndani? Popanda filiji, nsomba zanu zizivunda zisanafike pamsika wa Nselema.

Mapepala onse ndatenga m'sutikesi. Akandiuza kuti ndibwere mawa, ndikagona kwa achemwali a Mwanaidi, m'mawa a inshulansiwo andipeza pakhomo pawo asanatsegule.

Nsomba za lero muziwambe, musandidikire. Esime apite kusukulu, asanamizire kudwala mutu. Pepani, njinga yanu ndaisiya pasiteji kwa a Hamisi ogulitsa mandasi. Tayala laphwa lokha, mlandu si wanga.

Amalume akafika ndi mankhwala awo, muwalandire bwino, muwaphikire tiyi, awaze nyumba yonse mmene akufunira. Akafunsa za inveta, muwauze kuti ngati mphenziyo ikuifunabe, ikwere minibasi indipeze ku Balaka.

Ndine wanu,
Amake Esime