Penti wa Chipinda cha Apongozi

Lolemba, 9 Okutobala
Haradhan wopenta uja wapaka zigamba zitatu pakhoma la chipinda cha Amayi, apongozi anga, kuti tisankhepo chikondwerero cha Puja chisanafike. China ngati mkaka, china ngati mpunga wophika, chachitatu ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Amuna anga akuti, "Iwe Tuhina, zonsezi si zofanana? Khoma ndi khoma." Amunawa kaya maso anawasiya kuti.

Chimwalirireni apongozi aamuna, Amayi amavala nsalu ya sari yoyera yokhayokha, mwambo wa akazi amasiye. Zibangili anavula, nsomba anasiya kudya. Munthu amene ankakonda zachikasu chonchija! Zimandipweteka.

Lachiwiri, 10 Okutobala
Ndawafunsa Amayi mtundu umene akufuna. Akuti, "Chilichonse, mwana wanga." Koma masana ndawapeza atakhala pabedi, maso ali pa cha tiyi chija. Atandiona ayamba kupinda zovala zopindapinda kale.

Lachinayi, 12 Okutobala
Kwabwera Azakhali, a Nilima, alongo awo a malemu apongozi aamuna. Nsapato asanavule n'komwe, mlandu wayamba.

"Mlamu, chipinda cha wamasiye chimakhala choyera mbee. Cha tiyicho chafiirira. Alendo a pa Puja adzati chiyani?"

Kufiirira kwake kuti? Mpaka munthu utsinzine diso limodzi kuti ukuone! Amayi angoti, "Mwanena zoona, mlamu." Ine tiyi wa Azakhali ndathira shuga wochepa. Dala.

Lachisanu, 13 Okutobala
Ndamuuza Haradhan agule penti wa mkaka uja. Ndakalira kubafa, za penti chabe.

Loweruka, 14 Okutobala
Ndalowa m'chipinda muja, khoma lina latha kale. La tiyi!

"Bambo Haradhan, mwatipha! Si uyu tinagwirizana."

Iye osatsika n'komwe pamakwerero. "Mayi, musandikalipire. Amayi aakulu ananditsatira mpaka pageti dzulo, nkundinong'oneza."

Ndatembenuka, Amayi ali pakhomo. Alowa pang'onopang'ono, ayima pafupi ndi khoma kuliyang'ana, mpaka nsonga ya sari yakhudza penti wosauma. Banga ndithu, loonekera patali. Ndathamangira madzi ndi sopo.

"Isiye, Tuhina."

"Likauma silichoka, Amayi. Ndipo Azakhali akubwera madzulo."

"Ndamva," atero. Nsonga ija aiponya paphewa, banga lili kunja, nkundifunsa ngati kumsika kukadali nsomba.