Maimuna Akusesabe Misewu

Mayville, Durban
16 Ogasiti 2015

Okondedwa alamu anga a Mahmoud,

Asalamu aleikum. Ndikhulupirira kuti inu, mayi ndi ana nonse muli bwino ku Namwera. Ine ndilipo.

Munandifunsa pafoni za masiku omaliza a mlongo wanu ndipo ndinayankha mwachidule. Lamulungu lija la mu Meyi sitinapite kulikonse. Maimuna anandimeta pakhomo, akundiseka kuti imvi zandipeza ndisanagule ngakhale njinga. Kenaka tinadya mapeyala amene anagula kumsika wa Warwick, iye akudandaula kuti ndi amadzimadzi, osati ngati akwathu. Anati mutu ukumuwawa pang'ono, ine ndinati amwe panado. Lolemba anagwa mumsewu tsache lili m'manja. Lachiwiri m'mawa anatisiya kuchipatala, ndipo masana ake abale a kumzikiti anandithandiza kumuika m'manda.

Chimene simukudziwa ndi chifukwa chake arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi ija, inadutsa katundu wake asanafike kuti mayi ndi achemwali agawane. Ndinakuuzani kuti ndikusowa womutumizira. Ndinanama.

Maimuna ankasesa misewu pansi pa kampani imene aliyense kuno amadziwa kuti ndi ya a khansala a dera lathu, ngakhale pa pepala ili m'dzina la mng'ono wawo. Chipinda chimene ndimagonamo ndi cha a khansala omwewo. Mapasipoti athu anawatenga chaka chatha, ati akatikonzere chilolezo chokhalira, ndipo mpaka lero ali m'kabati mwawo. Sindinganene kuti sanatichitirepo zabwino. Mu Epulo, pamene alendo tinkasakidwa ndi zikwanje, iwo anaima pageti n'kuuza gulu lija kuti a m'zipinda izi ndi anthu awo. Anzathu anakagona m'matenti, ife tinagona pabedi pathu.

Patatha sabata ziwiri chiikireni maliro kunabwera Blessmore, kapitawo wa osesa. Anabadwira ku Zimbabwe koma makolo ake ndi a ku Dedza. Panja timalankhulana Chizulu ngati wina aliyense. Tsiku limenelo anatseka chitseko n'kuyamba Chichewa, ndipo ndinadziwiratu kuti sanabwerere kupepesa. Anandipeza ndikulongedza zovala, ndipo anati ndimasule. Dzina la Maimuna silinachotsedwe pa mndandanda wa osesa. Malipiro ake akutulukabe kukhonsolo, ndipo amene akuwalandira simufuna kuti ndimutchule. Anati si Maimuna yekha. Ena pa mndandandawo anabwerera kwawo kalekale, ena sanabadwe n'komwe.

"Achimwene," anatero, "zovala zake zizioneka pachingwe, nsapato zizikhala pakhomo. Wina akafunsa, wapita kumudzi kukadwazika mayi ake. Musandiyang'ane choncho. Eish, inenso ndili ndi ana."

Oyandikana nane onse anali pa maliro, koma onse amagona m'zipinda za munthu yemweyo. Palibe amene wandifunsapo kanthu.

Mu Julaye nkhani inatulukira poyera. Anthu a dera lino anatseka msewu ndi matayala oyaka, akuimba kuti a khansala amagulitsa nyumba zomangidwira osauka ndiponso amalemba ntchito anthu omwe kulibe. Nyuzipepala zinalemba. A khansala akukana zonse. Bambo wina amene analankhula kwambiri pamsonkhano anabwerera kuntchito n'kupeza chisakasa chake chagwetsedwa. Iyeyo ndi mwini dziko. Nanga ine wopanda ndi pepala lomwe?

Lachinayi lapitali kunafika mayi wofufuza, mndandanda uli m'manja. Blessmore anaima chapatali ngati akuwerenga uthenga pafoni. Mayiyo anali waulemu. Anayang'ana pachingwe, kenaka anayang'ana ine.

"Maimuna Saidi amakhala pano?"

"Yebo," ndinavomera m'Chizulu.

"Ali kuti?"

Alamu, kumanda kwake ndi minibasi imodzi kuchokera pano. Ndikanatha kumutenga mayiyo n'kukamuonetsa mtumbira. Ndinati wapita kwawo, mayi ake akudwala. Anandipatsa cholembera ndipo ndinasaina. Pochoka anati ndimupatse moni akabwera, ndiponso kuti adzafikanso mu Okutobala kudzamuona ndi maso.

Sindikudziwa chimene ndidzanene mu Okutobala. Pasipoti yanga ndaipempha kawiri, akuti ndidikire nkhaniyi izizire. Ndikanena zoona ndikhala ndavomera kuti ndinasaina bodza, ndipo tonse a m'zipinda izi tigona panja. Kumzikiti ndimaima mzere wakumbuyo tsopano. Abale amene ananyamula jeneza pa maliro ake ndimalephera kuwayang'ana kumaso.

Dzulo ndapereka katundu kwa a Feston, dalaivala amene amanyamula mitolo ya ku Mangochi. Ndinamutulutsa pang'onopang'ono m'matumba akuda a zinyalala, n'kumakamusunga m'shedi kwa abwana anga ku Morningside kumene ndimagwira m'dimba. Muli zitenje, mipango, bulangete, mapoto ndi mkeka wake wopempherera. Ndolo ndazisokerera m'thumba la juzi.

Mukamasula, mayi adzaona kuti mulibe madiresi awiri, labuluu limene anamusoketsera iwo ndi lina lamaluwa, komanso nsapato zakuda. A Feston musawakayikire. Ndatsala nazo ine. Loweruka lililonse madiresiwo ndimawachapa, ngakhale palibe wawavala, n'kuwayanika pomwe odutsa angawaone. Labuluu layamba kusuluka.

Mundiperekere moni kwa onse. Mayi muwauze kuti ndawalembetsa matenda omwe alibe. Andikhululukire, ndipo Allah awapatse moyo wautali. Mukamamupempherera Maimuna kumeneko, dzina lake muzilitchula mokweza, kuti pakhale malo amodzi pamene anthu akunena poyera kuti anamwalira.

Ndine mlamu wanu,
Harun